Yankho langa kwa achemwali pa filimu ya Juno

Achemwali, ndamva funso lanu, loti muwalole atsikana anu aonere filimu ya Juno ija kapena ayi. Ndikuyankha pakamwa chifukwa m'manja muli ufa.

Ine ndinaionera Lamulungu kuno ku Ulongwe. Ndi ya ku America, ya 2007. Mtsikana wa zaka 16 watenga mimba ya mnzake wa kusukulu, ndiye akuganiza zobereka n'kupereka mwanayo kwa banja lina losowa mwana. Kuseka ndinaseka, sindinama, mtsikanayo ndi wapakamwa. Koma pamene anaima pabalaza kuuza bambo ake ndi mayi ake omupeza, kuseka kwanga kunathera pomwepo. Palibe anamutukwana, palibe anamutolera zovala. Mayi womupezayo anayamba kukamba za mavitamini ndi dokotala, kuchipatala anapita naye, mpaka kumukalipira woyeza mimba amene anamunyoza mtsikanayo.

Achemwali, mtima wanga unapita ku Domue, kwa msuweni wathu uja. Mukukumbuka usiku umene tinakamutula kwa mwini mimba? Ine ndi amene ndinanyamula kabeseni kake, muli zitenje ziwiri ndi makope a kalasi 8. Iye ali pambuyo pa njinga ya amalume, akulira mosatulutsa mawu. Nthawi imeneyo lamulo la unduna wa maphunziro la 2003 linkati mtsikana woyembekezera aziphunzira usiku. Nanga ndi mimba akanayenda bwanji mumdima uja? Sukulu inafera pomwepo. Lamulo limenelo analichotsa mu 2018, ndipo kuyambira 2019 kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu muno mu Mozambique. Zimene tinachita ife usiku uja, lero bwenzi tikuyankha kupolisi. Chimandipweteka mpaka pano, chifukwa ndinalipo ndipo sindinanene kanthu.

Chimene sindinachikonde n'chakuti filimuyo ikupeputsa nkhani. Mtsikana wabereka bwinobwino, mwana wapita, iye wabwerera kukaimba gitala ndi mnyamata wake. Kwathu kuno mwana amatsala m'manja mwa agogo, ndipo kamtsikana kamene chiuno sichinakhwime kakachedwa panjira yopita kuchipatala, kamatha kubwerako ndi fistula, mkodzo ukungotuluka wokha. Zimenezo simuziona m'menemo. Mulinso mawu ena olaula, dziwiranitu.

Ndiye aonere, koma inu mukhale pomwepo, alamu nawonso ngati angalole. Ikatha muwafunse kuti zitawagwera iwo angayambe kuuza ndani. Akapanda kutchula inu, musakalipe, mungomva. Wamkuluyo mupite naye ku SAAJ, malo othandizira achinyamata pa zaumoyo, kuchipatala cha kwanu ku Moatize, anamwino akumeneko amalankhula ndi achinyamata zimene ife timachita nazo manyazi.

Loweruka ndikwera chapa, ndibwera ndi mbatatesi zanu. Mundidikire tidzaonere limodzi.