Kamtengo ka ku New Caledonia kokhalira kuyamwa kwa mnzake

Achemwali ena amene akuphunzira za nkhalango ku koleji anditumizira imelo, akuti anamva zoti pa chilumba china pali mtengo wa gulu la paini umene sudzipangira wokha chakudya, koma atafunsa mkalasi anzawo anawaseka. Nde akufuna adziwe ngati ndi zoona komanso banja lake.

Zandikhudza chifukwa nanenso ndinasekedwapo. Tili ku sekondale ndinafunsa aphunzitsi a bayoloje ngati mkungudza wa ku Mulanje ndi paini, iwo amvekere "zonsezo ndi matabwa, khala pansi iwe", kalasi yonse phwete, ine manyazi mpaka kuweruka. Chonsecho funso linali labwinobwino! Mkungudza uja, Widdringtonia whytei, uli m'banja la Cupressaceae pomwe paini ali mu Pinaceae. Ndipo ine izi zimandinyansa heavy, tikaona mtengo timangowerengera matabwa ndi matumba a makala, ukapanda zimenezo akuti ngwachabe, nde mwana angafunse bwanji za kamtengo kosatha kupala ngakhale mpini?

Poti nkakang'onodi, achemwali. Dzina lake ndi Parasitaxus usta, nthawi zambiri sikaposa msinkhu wa munthu, ndipo si kobiriwira ayi, nkofiirira modera. Kamamera ku New Caledonia kokha, chilumba cholamulidwa ndi France kummawa kwa Australia, m'nkhalango zonyowa za mthunzi. Mizu yakeyake kalibe, kamamatirira pa mizu kapena patsinde pa mtengo wina wotchedwa Falcatifolium taxoides nkumayamwa, ngati mmene kaufiti amachitira ndi chimanga, kungoti kaufiti masamba ake ngobiriwira. Pa mitengo yonse ya conifer (gulu lalikulu lomwe muli paini ndi mkungudza) yodziwika padziko lapansi ndi kokhaka kochita zimenezi. Chondipweteka nchoti chilumbachi chili ndi miyala ya nickel yambiri zedi, migodi ndi moto wolusa zikudya nkhalango.

Za banja lakezo

Akatswiri nawo kanawazunguza mutu. Katswiri wa zomera wa ku France, Vieillard, mu 1861 anakaika mu genus (kagulu ka mkati mwa banja) ya Dacrydium, ena pambuyo pake anakasamutsira ku Podocarpus, mpaka mu 1972 David de Laubenfels anati ayi, aka nkapaderadera, nkukapatsa genus yakeyake. Abale ake apafupi ali kutali, Lagarostrobos ku Tasmania ndi Manoao ku New Zealand. Chosangalatsa china, mtengo umene kamayamwawo ndi wa banja lomwelo la Podocarpaceae, ndipo banjali lilipo ngakhale kuno kwathu, Podocarpus milanjianus dzina lake linachokera ku phiri la Mulanje, anaupatsa dzinali ndi katswiri wa zomera Rendle mu 1894, yemweyo analembanso za mkungudza.

Nde pa asayimenti yanuyo lembani kuti banja ndi Podocarpaceae, genus Parasitaxus yokhala ndi species (mtundu) imodzi yokha. Musakaike kwa paini, komanso musakaike mu Taxaceae chifukwa choona "taxus" pa dzinalo, mungataye malikisi zaulere.