Mwasiya mapiritsi, mtima wayamba kuthamanga: yankho kwa mayi wa ku Bangula

Mwa maimelo a sabata ino, wa mayi wina wa ku Bangula ndi umene wandikhalitsa pansi. Dzina sinditchula. Akuti anamwa amitriptyline kwa chaka chathunthu chifukwa cha matenda okhumudwa, ataona kuti ali bwino anangosiya, ndipo sabata isanathe mtima unayamba kuthamanga, tulo kusowa, nseru, thukuta, mantha opanda pogwira. Akufunsa kuti, "Kodi matenda aja abwerera, kapena ndayamba misala?"

Achemwali, misala ayi. Zimene mwalembazo ndazidziwa msanga chifukwa zinandigwirapo.

Ine mankhwala omwewa ndinawayamba bambo a ana anga atamwalira. Ndinkangokhala pakhonde, nsima osaifuna, ana akamandiyankhula ngati akuyankhulira kutsidya kwa Shire. Mapiritsi aja anandibweza pang'onopang'ono. Kenako mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana. Amene muli kuno kuchigwa mukukumbuka: msewu wa M1 unaduka, Kapichira inaonongeka, magetsi zii dziko lonse. Mapiritsi anga anathera m'masiku amenewo, ndipo kumene ndinkalandirira anandiyankha mawu amene tonse timawadziwa aja, "Mankhwala atha mayi, mudzayesenso." Sindinasiye mwakufuna kwanga. Anandisiyitsa ndi madzi.

Poyamba ndinkati ndi malungo. Kuno chilichonse ndi malungo, mutu ukawawa malungo, mwana akadzuka wolefuka malungo, ndipo madzi atasefukira udzudzu unali wosasimbika, ndiye ndani akanaganiza zina? Anandibaya chala, malungo mulibe. Koma thupi linali kunjenjemera, m'mimba mukuwira, ndikaimirira chizungulire. Usiku ndiye unali woopsa. Ndikangoti ndatseka maso, maloto ooneka ngati zenizeni, anthu akufa kale akulowa m'nyumba, ine kudzidzimuka chitenje chili chonyowa. Kumsika wa pa Ngabu ndinalira pamaso pa mayi wogulitsa tomato chifukwa choti analibe chenje. Apongozi anga, munthu wondikonda ndithu, anayamba kunong'oneza abale kuti malemu akundifuna, tipite kwa asing'anga akaone. Ena amati ndi majini. Wina mpaka anabwera ndi madzi a m'botolo opemphereredwa.

Amene ananditsegula maso ndi namwino wina wa kumpingo kwathu. Anangofunsa funso limodzi: "Piritsi lomaliza munamwa liti?" Nditamuuza anagwedeza mutu n'kundifotokozera. Mankhwalawa amagwira ntchito pa timadzi ta muubongo totchedwa serotonin ndi noradrenaline, timene timathandiza minyewa kutumizirana uthenga. Ukawamwa miyezi yambiri, ubongo umadzikonza kuti uzigwira ntchito mankhwalawo alipo. Ukawachotsa tsiku limodzi, ubongo umasokonekera kufikira utazolowera kachikena. Zili ngati mwana woyamwa amene mwamuchotsa kubere lero lomwe osamuzoloweza phala: alira usiku wonse, koma sikuti wadwala. Ndipo si chibaba ngati cha fodya kapena kachasu, munthu sulakalaka piritsi lija, thupi lokha ndilo limadandaula.

Anandiuzanso mmene amasiyanitsira. Zobwera chifukwa chosiya mankhwala zimayamba msanga, masiku awiri, atatu, anayi, ndipo zimabwera ndi zachilendo zimene sunali nazo poyamba: chizungulire, nseru, thukuta, maloto oipa, ena amamva ngati magetsi awagwira m'mutu. Ukayambiranso mankhwala zimazilala m'masiku ochepa. Matenda enieni akamabwerera nthawi zambiri amachedwa, amadza mwakachetechete patapita masabata kapena miyezi, ndipo amafanana ndi mmene unalili kale. Mtundu wa mankhwala nawonso uli ndi mbali yake. Fluoxetine, amene amaperekedwanso m'zipatala zathu, amachedwa kutuluka m'thupi, kotero mavuto ake amakhala ocheperako ndipo akhoza kudza mochedwa. Paroxetine ndi venlafaxine, amene ena amagula m'mafamase a m'tauni, amatuluka msanga ndipo ndi amene amazunza kwambiri.

Musaganize kuti ndi ife a kumudzi okha amene sitinauzidwe. Ngakhale ku UK madokotala kwa zaka zambiri ankauza odwala kuti zimenezi n'zazing'ono, zimatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Munali mu 2019 pamene bungwe la madokotala a matenda a maganizo la Royal College of Psychiatrists linavomera poyera kuti kwa anthu ena zimakhala zowawa kwambiri ndiponso zotenga nthawi yaitali, ndipo bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala kumeneko, linasintha malangizo ake chaka chomwecho. Ngati ku London anachedwa chonchi, nanga clinical officer amene ali yekha ndi mzere wofika pansi pa mtengo panja, apeza kuti mphindi zofotokozera?

Komabe pali anthu amene sindiwakhululukira, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Ndi aja amaima kutsogolo ndi maikolofoni n'kumauza odwala kuti, "Taya mapiritsiwo, wachiritsidwa!" Ine ndine wopemphera, kwaya ndimaimba, koma izi ndi nkhanza. Tinaziona ndi ma ARV, tinaika anthu m'manda. Ndi mankhwala a maganizo zimapweteka mwa njira ina: munthu akataya mapiritsi Lamulungu, pofika Lachinayi akunjenjemera ndi kulota zoopsa, ndiye omwe aja amati, "Mwaona? Chiwanda chikulimbana, chikutuluka." Mavuto amene awayambitsa okha amasanduka umboni wawo. Munthu uja amabwerera kunyumba akudziona wochepa chikhulupiriro, pamene vuto ndi ubongo umene walandidwa chinthu mwadzidzidzi. Abale nawonso ali ndi mlandu wawo. "Mpaka liti uzimwa za amisala?" Amene amafunsa chonchi safunsa agogo a BP kuti asiya liti.

Mantha a mawu oti Zomba ndi amene amatipha. Munthu akangomva za mankhwala a maganizo amaona geti la Zomba Mental Hospital, ndiye amabisa kabuku ka kuchipatala pansi pa mphasa, amamwa mobisa, amasiyanso mobisa. Chonsecho ambiri odwala nkhawa ndi kukhumudwa sagonekedwa n'komwe. Kuli zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli Queens ku Blantyre, koma kwa munthu wa ku Makhanga amene ayambe wakwera bwato, kenako kabaza, kenako minibasi yokwera mapiri a Thabwa, mayina amenewa ndi akutali ngati Johannesburg. Ndipo chigwa chino chili ndi zifukwa zokwanira zodwalitsa maganizo: madzi a 2015, Idai mu 2019, Ana, kenako Freddy mu Malichi 2023. Pali anthu amene mpaka lero mvula ikangogunda pa malata mtima umachoka m'malo. Timawapatsa ufa ndi mapulasitiki, za m'mutu timati alimbe mtima.

Ndalowerera. Tibwerere kwa inu.

Ndiye mutani?

Tengani kabuku kanu, pitani ku chipatala sabata yomwe ino, mukafunse namwino kapena clinical officer woona za matenda a maganizo. Mukanene tsiku lenileni limene munasiya ndi mlingo umene munkamwa. Ayezenso malungo, BP ndi magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nakonso kumathamangitsa mtima. Kawirikawiri amakubwezerani pa mankhwala, zinthu zikakhazikika n'kuyamba kuchepetsa pang'onopang'ono kwa masabata kapena miyezi, ndipo masitepe omaliza ndi amene amafuna kudekha kwambiri. Mwinanso akuuzani kuti nthawi yosiya inali isanakwane, poti malangizo a WHO a 2023 amati munthu apitirize miyezi 6 kapena kuposerapo atapeza bwino. Musayambirenso nokha ndi mapiritsi otsala kapena obwereka kwa mnzanu, musagule mapiritsi ogonetsa a diazepam kwa ogulitsa mwamseri, ndipo mowa usakhale mankhwala a tulo. Amitriptyline akachuluka amaimitsa mtima, ndiye musunge kutali ndi ana. Ngati maganizo odzipha akukubwererani, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni ku chipatala osadikira tsiku la kiliniki.

Ine nditabwerera pa mankhwala, kunjenjemera ndi maloto zija zinatha sabata yomweyo. Kusiya kwenikweni kunadzachitika patsogolo, mochepetsa, ndipo tinachita kusankha miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chifukwa kusowa tulo mu Okutobala wa kuno, kutentha kutapyola madigiri 40, sungadziwe kuti wakusowetsa tulo ndi mankhwala kapena dzuwa. Chinanso chimene ndimauza aliyense amene akumwabe: Disembala akamayandikira, pemphani kuchipatala ngati angakupatseni a miyezi iwiri, mitsinje isanadzaze.