Mafunso Anu: Chiwongolero cha Arcade pa Bokosi la Masewera la Kunyumba

Funso: Akonzi, ndapeza chiwongolero chochotsedwa pa makina akale a arcade. Kumbuyo kwake kukutuluka mawaya atatu okha, USB palibe. Ndikufuna kuchimanga pa bokosi langa lomwe muli kompyuta ya MAME, pulogalamu yoseweretsa masewera akale a arcade. Ndiyambire pati?

Yankho: Musanagule chilichonse, chizunguzeni ndi dzanja. Chikafika pena n'kuima, ndiye kuti ndi cha madigiri 270, mtundu wa Out Run ya Sega ya 1986. Chikamangozungulira osaima, ndi cha madigiri 360, mtundu wa Pole Position ya Namco ya 1982 kapena Super Sprint ya Atari ya 1986. Mitundu iwiriyi imalankhula ndi kompyuta mosiyana kotheratu, ndipo ndalama zambiri zimatayika chifukwa munthu wagula bodi ya mtundu wina.

Mawaya atatuwo akusonyeza kuti chanu chili ndi potentiometer, kachipangizo kofanana ndi kokwezera mawu pa wailesi. Amisiri amangoti pot. Pa makina ambiri a arcade imakhala ya 5k. Miyendo iwiri ya m'mbali imalandira 5V ndi GND (waya wa negativi), ndipo mwendo wapakati umatulutsa magetsi amene amakwera kapena kutsika mukamakhota. Chofunika ndi bodi yosandutsa magetsiwo kukhala uthenga wa USB. Mabodi a A-PAC kapena U-HID a kampani ya Ultimarc anapangidwira ntchito imeneyi. Ngati simuopa kuika pulogalamu nokha, Arduino Leonardo kapena Pro Micro ya 5V ikwanira, poti chip yake, ATmega32U4, kompyuta imatha kuiona ngati joystick. Mwendo wapakati upite pa pini ya A0 ya Arduino, ndipo bodiyo idzawerenga kuyambira 0 mpaka 1023.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Masulani kasikuluwu kogwira giya ya pot, ikani chiwongolero pakati penipeni, kenaka tembenuzani shafuti ya pot mpaka mita yoyezera magetsi iwerenge 2.5V pakati pa mwendo wapakati ndi GND. Mukatero mangani. Khoterani mbali zonse ziwiri mpaka pothera, pang'onopang'ono, mukumvetsera ndi dzanja. Choimitsa chachitsulo cha chiwongolero ndicho chiyenera kugunda choyamba. Pot wamba imazungulira madigiri pafupifupi 300 okha, ndiye ikakhala kuti ndiyo ikuimitsa chiwongolero, wosewera woyamba kukhota mwaukali aithyola m'kati. Pakati pa mano a magiya siyani kampata kochepa kwambiri, ndipo pakani girisi wosadya pulasitiki.

Galimoto ikamakhotera kumanzere inu mukukhotera kumanja, sinthanitsani mawaya awiri a m'mbali aja.

Funso: Changa chikugwira, koma galimoto imanjenjemera pamsewu wowongoka, ndipo ndikakhota pang'ono siimva mpaka nditakhota kwambiri. Kodi pot yatha?

Yankho: Awa ndi matenda awiri, ndipo limodzi lokha ndi la pot.

Tsegulani joy.cpl, poyesera ma joystick pa Windows, musiye chiwongolero osachigwira. Kachizindikiro kakamavina kokha, vuto lili pa waya kapena pa pot. Waya wautali wodutsa pafupi ndi mota kapena transformer umatola phokoso la magetsi. Ufupikitseni, gwiritsani ntchito waya wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ukondewo muulumikize ku GND mbali ya bodi yokha, ndipo muwotcherere capacitor ya 100nF pakati pa A0 ndi GND. Pa pot ya 5k capacitor yotere sichedwetsa uthenga moti dzanja n'kumva. Kuvinako kukamachitika pakati pokha, mbali zina kuli phee, ndiye kuti njira ya kaboni m'kati mwa pot yaperepeseka pamalo amene imakhudzidwa kwambiri. Mankhwala opopera otsukira zamagetsi angakuthandizeni kwa kanthawi, koma mafuta omasulira dzimbiri musawayandikitse. Pogula yatsopano funani yolembedwa B5K, yomwe imakwera mofanana njira yonse. Yolembedwa A kawirikawiri ndi ya zokuzira mawu, ndipo ikupatsani mbali ina yaulesi, ina yolusa. Amene atopa n'kusintha ma pot amaika AS5600, kachip kowerenga maginito womatidwa kunsonga ya shafuti. Kamagawa mzungulo umodzi m'magawo 4096, ndipo palibe chokhudzana choti chiperepeseke.

Kusamva kwa pakati kuja n'kwa MAME. Mu fayilo ya mame.ini muli joystick_deadzone, yomwe inaikidwa poganizira timitengo ta gamepad. Ikakhala 0.15, chiwongolero chopita madigiri 135 mbali iliyonse chimataya madigiri pafupifupi 20 uku ndi uku chisanamveke. Itsitseni ifike 0.02 kapena 0.05, joystick_saturation muikweze ifike 1.0, ndipo paddle_device ndi pedal_device zikhale pa joystick. M'kati mwa masewera dinani Tab, muike chiwongolero pa mzere wa Analog wokha, mizere ya Inc ndi Dec ikhale yopanda kanthu. Mukachiika pa Inc ndi Dec, MAME imachitenga ngati mabatani awiri, ndipo galimoto izingolumphira uku ndi uku. Masewera ambiri alinso ndi menyu yawoyawo ya amisiri yoyezera chiwongolero ndi mapedulo. Imeneyonso muipitemo.

Funso: Chiwongolero chimodzi chingakwanire masewera a 270 ndi a 360 omwe?

Yankho: Chisewera, koma simusangalala. Cha 360 chilibe pakati. M'kati mwake muli kambale ka mano kodutsa pa timaso tiwiri ta kuwala, ndipo kompyuta imangowerenga kuti manowo adutsa angati ndi kulowera kuti, monga imachitira ndi mouse. N'chifukwa chake chimafuna bodi ngati Opti-PAC, ndi dial_device yoikidwa pa mouse. Chikamayenda chobwerera, sinthanitsani mawaya a A ndi B, ochokera pa timaso tiwirito. Mukachizunguza mwamphamvu galimoto n'kukhotera kwina, tsitsani sensitivity mu MAME. Langizo lathu: mangani mapanelo awiri osinthana, lililonse ndi USB yake.

Funso: Chiwongolero changa chili ndi mota ndi lamba. Ndingadzutse bwanji mphamvu ija yolimbana ndi manja? Kapena ndingochotsa zonse n'kubisamo chiwongolero chogula cha Logitech?

Yankho: Werengani kaye zolembedwa pa motayo. Ngati ndi ya DC, ya mawaya awiri, njira ilipo: Arduino Leonardo yokhala ndi pulogalamu ya force feedback (mphamvu yolimbana ndi manja ija), bodi yoyendetsa mota ngati BTS7960, ndi gwero la magetsi lakelake la 12V kapena 24V. BTS7960 siipirira magetsi opitirira 27V, choncho mota yolembedwa zoposa pamenepo muiyendetse ndi 24V, idzangofookerapo pang'ono. Mota isamwe magetsi a USB kapena a kompyuta. GND ya gwerolo ilumikizane ndi ya Arduino, pa waya wa magetsi pakhale fyuzi, ndipo panja pa bokosi pakhale switchi yofikirika yozimitsira mota yokha. Poyesa koyamba tsitsani mphamvu kwambiri, zala zikhale kunja kwa masipoko. Mawaya a mota akatembenuzidwa, m'malo mobwerera pakati chiwongolero chimathamangira kumapeto n'kumenya choimitsa, ndipo chala chachikulu chimatha kuvulala. Mota zina zakale, makamaka pa makina a Sega, zimadalira bodi yawoyawo ndi magetsi a AC. Zimenezo musazilumikize ku BTS7960, ndipo ngati simunazolowere magetsi akuluakulu itanani mmisiri.

Kubisamo Logitech G27 kapena G29 ndiyo njira yachidule, ndipo palibe chamanyazi. Mu pulogalamu yake chepetsani kuzungulira kuchoka pa madigiri 900 kufika pa 270, apo ayi muzipalasa manja pakona iliyonse. Chimene sitikulimbikitsa ndi kumangirira gudumu lolemera la arcade pa shafuti yake. Magiya ake ndi apulasitiki, ndipo kulemerako kumawadya komanso kumameza mphamvu ya timota take.

Njira iliyonse imene mwasankha, panelo likhale la plywood ya 18mm. Masikuluwu a matabwa amazuka mu MDF (thabwa la utuchi wopanikiza), chifukwa wosewera amakoka chiwongolero ndi thupi lonse. Boolani mpaka kuseri, ikani mabauti a M8 kapena a saizi ya mabowo a chiwongolerocho, mawashala otambalala ndi manati a nayiloni osamasuka okha. Pa chiwongolero cha mota onjezani chitsulo chafulati cha 3mm kuseri kwa thabwa, mabauti onse adutse pamenepo.