Mwana wanga akufuna kuteteza mapiri, osati kukumba migodi

Mayi wina wa ku Phalombe walemba kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 4 amakonda maphunziro a za miyala, koma safuna kudzagwira ntchito kumigodi chifukwa mtima wake uli pa kuteteza malo ngati phiri la Mulanje. Akufunsa ngati ntchito yotereyi ilipo.

Mayi, ntchitoyi ilipo, ngakhale kuti simudzaiona ikulengezedwa m'nyuzipepala ndi dzina limenelo. Mwana wanu alimbikire Masamu, Physics, Chemistry ndi Geography pa MSCE, kenako asankhe maphunziro a geology ku MUST ku Thyolo kapena ku University of Malawi ku Zomba.

Komabe ndikupempha kuti mumuuze asanyansidwe ndi maphunziro a za migodi. Pamwamba pa phiri la Mulanje, makamaka ku Lichenya, pali mwala wa bauxite umene amapangira aluminiyamu, ndipo kwa zaka zambiri makampani akhala akuulakalaka, chonsecho phiri lomweli ndi gwero la mitsinje ngati Likhubula imene imamwetsa anthu mpaka ku Blantyre. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, koma ulemu umenewu pawokha sungaletse munthu kukumba. Lamulo la za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pakhale kafukufuku wa momwe idzakhudzire malo ndi anthu, ndipo amene angatsutse lipoti la kampani mogwira mtima ndi yekhayo amene akudziwa momwe amakumbira, kumene dothi lotsala limatayidwa, ndi njira zimene madzi amayendamo pansi pa thanthwe. Akatswiri otere amafunika ku MEPA (bungwe la boma loteteza chilengedwe), ku Geological Survey Department ku Zomba, ndi m'makampani olemba malipoti amenewa.

Njira ina ndi ya zakale zokwiririka m'miyala. Ku Karonga kunapezeka mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur, ndipo mu 1991 ku Uraha, m'boma lomweli, anafukula nsagwada ya munthu wakalekale ya zaka zoposa 2 miliyoni. Fupa lotere likachotsedwa popanda kulemba malo ndi dothi limene linali, zambiri zimene likanatiphunzitsa zimatayika. Kunena zoona, mipata ya ntchito kumeneku ndi yochepa, ndipo nthawi zambiri imafuna digiri yachiwiri.

Akadzafika ku yunivesite, aphunzire bwino GIS, luso lojambula mapu pa kompyuta, ndipo patchuthi azipempha malo ophunzirira ntchito ku mabungwe ngati Mulanje Mountain Conservation Trust, chifukwa olemba ntchito amayamba afunsa ngati munthu anapondako kuthengo.