Mukugulitsa katundu kunja, nanga msonkho wakumeneko ukukukhudzani?

Wina wandilembera imelo akuti kampani yawo yayamba kutumiza katundu kwa makasitomala a dziko lina, ofesi kumeneko alibe, wantchito alibenso, ndiye akufunsa ngati boma lakumeneko lingawavutitse za msonkho kapena bola akulipira kwawo basi.

Akulu, apa pali misonkho iwiri ndipo anthu amaisokoneza kwambiri.

Woyamba ndi wa phindu la kampani. Uwu kawirikawiri umatsala kwanu, pokhapokha mukhale ndi chomwe amati permanent establishment kumeneko, kaya ofesi, fakitale, shopu, olo munthu amene amangosainira makontirakiti m'dzina la kampani yanu nthawi ndi nthawi. Zili mu Article 5 ya pangano lachitsanzo la misonkho la OECD, bungwe la mayiko loona za chuma, lomwe mayiko ambiri amatengerako. Fufuzani kaye ngati mayiko awiriwo anagwirizana zoti munthu asalipire msonkho kawiri, ngati pangano palibe ndiye lamulo la eni dziko ndi lomwe likulamulira.

Koma umene umandidetsa nkhawa ine ndi wachiwiriwu, VAT, chifukwa uwu sufunsa kuti ofesi muli nayo kapena ayi. Ku EU kuyambira pa 1 July 2021 phukusi lililonse lochokera kunja limalipira VAT, zoti katundu wosapitirira €22 azingodutsa zinatha, ndipo wosapitirira €150 mutha kumulipirira kudzera pa IOSS, njira ya EU yapaintaneti yolembetsera ndi kulipirira VAT pamalo amodzi. Ku UK, pa katundu wosapitirira £135, wogulitsa ndi amene amatolera VAT pogulitsa pompo, kupatula ngati mwagulitsira pamsika wapaintaneti, pamenepo amatolera ndi msikawo. Ku America, chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa South Dakota ndi Wayfair mu 2018 chinapatsa ma state mphamvu yokuuzani kuti muzitolera sales tax (msonkho wa pogulitsa) ngakhale simunapondeko phazi.

Ndiye mukaika katundu wanu mu weyahausi ya ku EU, kaya ya Amazon, dziwani kuti kulembetsa VAT m'dziko limenelo simukuzemba.

Onaninso zomwe munalemba pa invoice, DDP kapena DAP, mawu achidule onena kuti zolipira katundu akamalowa m'dzikomo ndi za ndani. Ngati ndi DDP, dyute ndi VAT ya pamalire ndi zanu inuyo, ngati ndi DAP zimagwera wogula, koma muuzenitu asanagule, apo bii katundu amukana akaona bilu. Pezani akauntanti wa m'dziko lomwelo musanatumize katundu wina, muwaonetse kontirakiti komanso kumene katunduyo amagona asanafike kwa kasitomala.