Euphonium ndi baritone: chinsinsi chili pa paipi

Achimwene a ku Linthipe, mwafunsa za malipenga awiri amene bandi ya kumpingo kwanu yalandira, kuti euphonium ndi liti, baritone ndi liti, popeza akuoneka ngati mapasa. Kusokonezeka n'kosadabwitsa. Onse ndi a kiyi ya B-flat, paipi yake mutaiwongola imatalika pafupifupi mamita 2.7, ndipo zala zimadina mofanana.

Ena akuuzani kuti muwerenge mavalavu (mabatani odina ndi zala), atatu ndi baritone, anayi ndi euphonium. Nthawi zambiri zimatheka, koma musadalire zimenezo, ma euphonium a mavalavu atatu alipo ambirimbiri. Yang'anani paipi. Ya euphonium imanka ikukula pang'onopang'ono mpaka kukafika kukamwa kwa lipengalo, komwe n'kotambalala. Ya baritone ndi yowonda, imayenda mtunda wautali osakula kwenikweni, kukamwa kwakenso n'kocheperako.

Chitani izi. Solani kapaipi kochunira kaja, kopindika ngati U, mukatembenuze n'kuyesa kukabwezera chozondoka. Kakalowa bwinobwino, mwina mwagwira baritone. Kakakana chifukwa mwendo umodzi ndi wonenepa kuposa unzake, imeneyo ndi euphonium. Musakakamize, mungapinde chitsulo.

Khutu likuuzaninso. Euphonium imalira mwa phee, mawu onenepa, ofunda ngati bambo woimba besi kumaliro. Dzinalo linachokera ku Chigiriki, kutanthauza mawu okoma. Baritone imatuluka mowala, mopyapyala pang'ono, kuyandikira trombone, lipenga loimba mokoka ndi kukankha paipi. N'chifukwa chake m'mabandi a ku Britain, momwe mumakhala awiri a mtundu uliwonse, euphonium imapatsidwa nyimbo yoimba yokha, pamene baritone imadzaza pakati pothandizana ndi malipenga ocheperako otchedwa tenor horn. Ku America ndiye amasakaniza mayina, euphonium yaing'ono amangoitchula baritone, choncho zolembedwa pa bokosi musazikhulupirire msanga.

Ine ndikanakhala inu, mwana woyamba kumene ndikanamupatsa baritone. Ndi yopepuka, sifuna mpweya wambiri. Euphonium imadya mpweya, ipatseni wa chifuwa chake.

China, ndi kuzizira kwathu kuno mu Juni, lipenga lozizira limatsika mawu. Muziuziramo mpweya wofunda kaye musanachune, apo ayi mukangoimba ndime ziwiri mupeza lakwera, mwasiyana ndi kiyibodi.