Za mapu akale a ku Nebraska aja

Achimwene mwafunsa ngati mapu akale a ku Nebraska, chigawo china cha ku America, ndi abodza, poti akuwonetsa masukulu ndi nyumba pamalo pomwe pa Google Maps pali udzu wokhawokha. Ayi ndithu si abodza, anthuwo ndi amene anasamuka.

Amajambula mapuwa ndi a USGS, bungwe la boma la America lomwe linakhazikitsidwa mu 1879, ntchito yojambula dziko lonse anaiyamba mu 1884. Nde ku Sandhills kuja, komwe kuli timapiri tamchenga tomera udzu, boma limagawa maekala 160 pa banja potsatira lamulo la 1862, koma pamchenga paja maekala 160 sungadyetse nawo ana olo pang'ono, mpake mu 1904 lamulo la Kinkaid linakweza kufika 640. Anthu anakhamukirako, kumanga tinyumba, timasukulu ta chipinda chimodzi, koma ulimi unakanikabe ndipo ambiri anagulitsa malo kwa oweta ng'ombe n'kumapita. Mafamu kumakula, anthu kumachepa. Timasukulu tina tinapirira zaka zambiri ndithu, n'chifukwa chake mukutiwona pamapupo, tina topanda ndi dzina lomwe, nambala basi.

Mukatsegula mapuwo musathamangire pakati, yambani mmunsi mwa pepala pomwe alemba chaka ndi sikelo. Mapu a sikelo ya 1:62,500 ndi akalekale, a 1:24,000 ndi apambuyo pake ndipo amawonetsa zambiri. Mizere ya bulauni yokhotakhota ija ikusonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo, ikathithikana dziwani kuti pamenepo mpotsetsereka kwambiri. Mabokosi a mizere yofiira aja, lililonse ndi mailo imodzi mbali zonse, ndiwo maekala 640 aja, malo a banja limodzi nthawi ya Kinkaid. Zojambulidwa ndi mtundu wa pepo ndi zomwe anawonjezera pambuyo pake poyang'ana zithunzi za pandege osapitako ndi miyendo, ine zimenezo sindimazikhulupirira kwenikweni.

Koma chondisangalatsa ine ndi tizizindikiro ta mijigo yoyendera mphepo. Kumeneko madzi ambiri ali pansi, mu nkhokwe yaikulu ya madzi a pansi pa nthaka yotchedwa Ogallala, nde tsatirani mijigoyo ndi tinjira ta mizere yodukaduka topita kumeneko muwona komwe ng'ombe zimakamwa, ngakhale mudzi palibe.

Osagula kwa anthu otsatsa pa Facebook aja. Sakani topoView, tsamba la USGS la mapu akale, pa intaneti, lembani Valentine, Nebraska (tauni ya ku Sandhills komweko), musankhe chaka, kudawunilodako ndi kwaulere bola bando ikhalepo chifukwa mafayilo ake ndi olemera.